Anyamata otola zinyalala omwe abwana awo akusunga ziphaso zawo: ndi ganyu kapena thangata?

Mayi wina, mlembi wa komiti ya eni mashopu, malo odyera ndi nyumba zogona alendo pa Limbuli ku Mulanje, walemba kuti: "Timasonkha K400,000 pamwezi kulipira bambo wina wa lole amene amatichotsera zinyalala ndi kupopa zimbudzi zikadzaza. Amagulanso zitsulo zakutha ndi mabotolo. Ali ndi anyamata 6, ena adawatenga ku Milange m'dziko la Mozambique, ena kumidzi ya ku Thyolo, ndipo onse amagona pamalo pomwe amaunjikira zitsulozo. Mmodzi wandiuza kuti adawalonjeza K60,000 pamwezi, koma amawadula K1,500 patsiku ya chakudya, kuphatikiza ngongole ya K40,000 ya thiransipoti ndi bulangete. Ziphaso zawo akusunga ndi abwanawo, ndipo patha miyezi itatu asanalandire kanthu. Mmodzi akuoneka kuti ndi mwana. Anzanga m'komiti akuti sizikutikhudza poti sitinawalembe ntchito ndife. Kodi ndi zoona? Nanga tichitepo chiyani?"

Mayi, zikukukhudzani, ndipo mwachita bwino kusazinyamulira mumtima. Zomwe mwalongosolazi zapyola malire a ganyu wolipira pang'ono.

Ntchito ikhoza kukhala yonunkha, yolemetsa, yamalipiro ochepa, koma munthu n'kukhala ndi ufulu woisiya. Imeneyo ndi ntchito yoipa, ndipo ili ndi malamulo ake oikonzera. Ntchito yokakamiza ndi ina. Pangano la 1930 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, lomwe dziko lino lidavomereza, limati ndi ntchito iliyonse imene munthu akuigwira chifukwa choopsezedwa ndi chilango, asanadzipereke yekha mwaufulu. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo gawo 4 la lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limati kugwiritsa munthu ntchito yotere ndi mlandu. Chilango chomwe akunenacho sichifunika kukhala chikwapu kapena loko pachitseko. Kutaya malipiro a miyezi itatu ndi chilango. Kuuzidwa kuti "ukathawa ndikakunenera kwa a imigireshoni" ndi chilangonso. Choncho funso lofunika kudzifunsa ndi limodzi: mnyamatayo atadzuka mawa n'kunena kuti wasiya, angatuluke pachipata ali ndi chiphaso chake ndi ndalama zake m'thumba? Ngati sangatero, wamangidwa ngati mbuzi ya pachikhomo, ndipo m'kalata yanu ndikuonamo zingwe zitatu.

Choyamba ndi ngongole. Tiwerengere limodzi. K1,500 kwa masiku 30 ndi K45,000. Mukaichotsa pa K60,000, yotsala ndi K15,000. Kuti abweze K40,000 ndi ndalama yotsalayo, afunika kugwira pafupifupi miyezi itatu osagula ngakhale sopo. Ndiye miyezi itatuyo isanathe, tayala la wilibala liphulike, amulembere. Adwale malungo masiku anayi, amulembere mankhwala ndi masiku omwe sanagwire, chakudya cha masikuwo n'kumudulabe. Buku la ngongole lili ndi abwana okha, mitengo amaika okha, mnyamatayo sanalionepo. Ngongole yotere siinapangidwe kuti ithe. Kupatsa wantchito ndalama yapatsogolo si mlandu, koma imayenera kulembedwa, iye n'kusunga pepala lake, popanda chiwongoladzanja cha katapila, ndipo isakhale chifukwa chomuletsera kuchoka. Ndalama yopita kukatenga wantchito kwawo ndi ya wofuna antchito, monga momwe dizilo alili wake. Lamulo la ntchito limaletsanso bwana kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango, ndipo silipereka ufulu woti azingodula malipiro mmene wafunira.

Anthu a ku Mulanje ndi Thyolo safunika kuwaphunzitsa za zimenezi. Agogo ambiri a m'maboma awiriwa, makamaka Alhomwe amene adawoloka kuchokera ku Mozambique, adakhala m'maesiteti a azungu pansi pa thangata: ugwire ntchito ngati lendi ya malo omwe wamangapo nyumba, ukakana akuthamangitsa. Thangata adali pakati pa madandaulo a John Chilembwe mu 1915, adali m'gulu la zomwe zidautsa chipwirikiti cha ku Thyolo mu 1953, ndipo adathetsedwa mu 1962. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuletsanso utenanti, womwe unkamanga mabanja m'minda ya fodya ndi ngongole ya chakudya. Zomwe zikuchitika pamalo a zitsulo amenewo ndi kachitidwe komweko: malo ogona ndi nsima zasanduka chomangira munthu.

Chingwe chachiwiri ndi chiphaso. Abwana ambiri amati "ndikungowasungira kuti asataye" kapena "ndi chikole kuti asandibere". Chiphaso cha unzika ndi cha mwini wake. Popanda icho mnyamatayo sangalembetse nambala ya foni, sangatsegule akaunti, sangagule feteleza wotsika mtengo ngakhale dzina lake litatuluka kumudzi, ndipo wina akhoza kuchigwiritsa ntchito m'dzina lake iye osadziwa. Ngati bwana akufuna kudziwa yemwe wamulemba, fotokope ndi yokwanira. Ngati nkhawa ndi yoti chitayika, agule bokosi lokhoma, kiyi akhale ndi eni ziphaso.

Chachitatu ndi malipiro osungidwa, ndipo ichi ndi chomwe chimagwira mwamphamvu kuposa zonse. Munthu amene sanalandire miyezi itatu sachoka, chifukwa akudziwa kuti akachoka ndiye kuti ndalamayo yapita. Mwezi uliwonse umene wadikira umawonjezera chifukwa chodikiranso. Lamulo limati wolipidwa pamwezi alandire mwezi uliwonse, wolipidwa patsiku kapena pa mgwazo asapyole sabata kapena ziwiri asanalandire, ndipo ntchito ikatha, zonse zomwe akuyenera kulandira ziperekedwe m'masiku 7.

Mudzamva mayankho awiri. Loyamba, "adavomera okha". Kuvomera komwe munthu wapereka atanamizidwa za malipiro, kapena komwe sangathe kukubweza, sikuwerengedwa. Lachiwiri, "awa ndi aganyu chabe". Lamulo la ntchito siliyang'ana dzina lomwe bwana wapatsa munthu. Limayang'ana ngati munthuyo akudalira bwanayo pa chakudya chake cha tsiku ndi tsiku ndiponso akugwira motsatira malamulo ake. Mnyamata wogona pamalo a bwana, wodzuka pa ola la bwana, wokwera lole ya bwana miyezi itatu yathunthu ndi wantchito.

Tsopano pali mbali yomwe anzanu a m'komiti sangaikonde. Mu 2024 boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi, yomwe ndi pafupifupi K3,460 patsiku mukagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito, ndipo adakwezedwanso pambuyo pake. Ngakhale titawerengera pa K90,000 yomweyo, anthu 6 ndi K540,000. Inu mukupereka K400,000. Ikupereweratu ndi K140,000 tisanawerenge dizilo, matayala, majombo, magolovesi ndi phindu la mwini lole. N'zoona kuti amapezako ina pogulitsa zitsulo ndi mabotolo, koma mtengo wanuwo pawokha ukuonetsa kuti pali amene akulipira chotsalacho, ndipo amene akulipirayo ndi mnyamata wa fosholo. Umu ndi momwe kudyerana masuku pamutu kumayambira pa ntchito ya zinyalala pafupifupi kulikonse: eni zinyalala amasankha wotchipa, wotchipayo amabweza ndalama yake pa anthu osauka kwambiri, omwe sadandaula chifukwa anthu amawanyoza kale kuti ndi a kumtaya. Pepala lolemba ntchito simudasaine ndinu, koma ndalama yomwe ikuyendetsa zonsezi ikuchoka m'manja mwanu, ndipo ndi yomweyo imene ingazisinthe.

Musayambe ndi kukalalatira mwini lole, ndipo musathetse mgwirizano mawa. Njira ziwiri zonsezi zimapweteka anyamatawo. Mukamufunsa mwaukali, adziwa kuti wina waulula, amusaka, ndipo usiku womwewo akhoza kuwakweza lole n'kukawatsitsa pa malire a Muloza opanda tambala. Mukangothetsa mgwirizano, apeza chonamizira: "komiti sinandilipire, ndiye ndikulipirani chiyani?"

Yambani ndi kulemba. Lankhulani ndi anyamatawo mmodzimmodzi, kutali ndi kapitawo, mwina pamene abwera kudzatenga zinyalala kuseri kwa shopu yanu. Kwa ochokera ku Milange, pezani munthu wodalirika wolankhula Chilhomwe ngati Chichewa chikuwavuta. Lembani tsiku lomwe aliyense adayamba, yemwe adakamutenga kwawo, ndalama yomwe adalonjezedwa, yomwe walandirapo, zomwe amudula, ola lodzuka ndi loweruka, ndi mawu enieni omwe adauzidwa atapempha chiphaso chake. Funsaninso chimene iye akufuna. Ena afuna kupita kwawo, ena afuna kupitiriza ntchito koma alipidwe, ndipo si bwino kuwasankhira. Sonkhanitsani malisiti anu onse osonyeza kuti komiti yakhala ikulipira mwezi ndi mwezi. Mapepala amenewa ndi omwe adzatseke pakamwa pa wonena kuti ndalama sinabwere.

Mukatero pitani ku ofesi ya leba ya boma la Mulanje. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo simufunika loya. Wogwira ntchito ku leba ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito, kufunsa antchito paokha, kuitanitsa mabuku a malipiro ndi kuitana bwana kuti awerengerane zomwe akuyenera kulipira. Nkhani ikakanika pamenepo imapita ku khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya. Dziwani kuti maofesi a leba amavutika ndi mayendedwe. Musangosiya kalata n'kumadikira. Pitani awiri, funsani dzina la yemwe watenga nkhaniyo ndi tsiku lomwe abwere, ndipo mubwererenso tsikulo likadutsa.

Koma nkhani yanuyi siithera ku leba kokha. Kutenga munthu kwawo pomunamiza, kumusamutsa, kumusunga ndi kumugwiritsa ntchito momudyera masuku pamutu ndi kuzembetsa anthu malinga ndi lamulo la 2015, Trafficking in Persons Act. Sipafunika kuti awoloke malire: wochokera ku Thekerani m'boma la Thyolo kupita pa Limbuli akuwerengedwa chimodzimodzi ndi wochokera ku Milange. Chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende popanda mwayi wolipira faindi, ndipo ngati wozembetsedwayo ndi mwana chimafika zaka 21. Choncho kanenaninso ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit. Anyamata a ku Mozambique adzachita mantha kwambiri pomva za polisi, chifukwa mantha amenewo ndi omwe abwana awo akhala akuwadyetsa. Afotokozereni kuti lamuloli limateteza munthu amene watsimikizidwa kuti adazembetsedwa kuti asaimbidwe mlandu pa zinthu zobwera chifukwa cha kuzembetsedwako. Pokapereka lipoti nenani momveka kuti mukudandaula za kuzembetsa anthu ndi ntchito yokakamiza, kuti nkhaniyo isalembedwe ngati ya anthu olowa m'dziko popanda chilolezo.

Za amene akuoneka mwanayo, musadikire kuti zina zonse zilongosoke. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo kapena thanzi lake pachiswe. Kupopa chimbudzi, kutola pamtaya ndi kunyamula zitsulo ndi ntchito zoterozo. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu paboma. Chomwe chimalakwika kawirikawiri ndi kungomuchotsa mwanayo n'kumuuza kuti azipita kwawo. Umphawi womwe udamutulutsa kumudzi ukadalipo, ndipo pakatha mwezi mudzamupeza kwa wogula zitsulo wina. Alandire malipiro ake onse, aperekezedwe, ndipo a zachisamaliro alankhule ndi makolo, mfumu ya kwawo ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi.

Zimenezi zikuyenda, komiti ikhale pansi ndi kulemba mgwirizano watsopano, kaya ndi bambo yemweyu kaya ndi wina. Mtengo muuyambire pansi: chiwerengero cha antchito kuchulukitsa ndi malipiro otsikitsitsa a panopa, omwe a leba akuuzani, kenako zovala zodzitetezera, dizilo ndi phindu. Ngati chopereka cha shopu iliyonse chiyenera kukwera, chikwere. Ngati simungakwanitse anthu 6, gwirizanani za anthu 4 olipidwa mokwanira ndi masiku ochepa otola pasabata, osati anthu 6 ogawana malipiro a anthu 4. Mgwirizanowo utchule kuti wantchito aliyense ndi wa zaka 18 kapena kuposa, ali ndi pepala lofotokoza ntchito ndi malipiro ake m'chilankhulo chomwe amamva, amasunga yekha chiphaso ndi foni yake, ndipo salipira kanthu kuti alembedwe. Maola ndi 48 pasabata. Opyola pamenepo amalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, kugwira pa tsiku lopuma kumalipidwa kawiri, ndipo pakatha masiku 6 otsatizana payenera kukhala tsiku lathunthu lopuma. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu chifukwa zinyalala zimachuluka pa tsiku la msika ndi m'nyengo ya nanazi ndi mapeyala, pamene anyamata amaweruka mdima utagwa.

Chomwe chimagwira ntchito kuposa mawu onse a m'pepala ndi kalipiridwe. Gawani ndalama yanu pawiri. Gawo la malipiro lipite kwa antchito mwachindunji pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena liperekedwe pamaso pa anthu awiri a komiti, aliyense n'kusaina kapena kudinda chala. Gawo la mwini lole lituluke pokhapokha mwaona kuti antchito alandira. Chenjerani ndi chinyengo chodziwika: manambala onse olandirira ndalama amakhala a kapitawo, kapena anyamata amalandira pamaso panu n'kukabweza kuseri. Imbani nambala iliyonse mwini wake ali pomwepo muone ngati foni ilira m'thumba mwake, ndipo pakatha masiku angapo mufunseni payekha kuti yatsala zingati. Ngati pali chakudya, wantchito akhale ndi ufulu wosankha kudziphikira. Kamodzi pamwezi munthu wa komiti afike pomwe amagona osanena tsiku, aone ngati chitseko chimakhomedwa kunja usiku, ngati pali madzi, chimbudzi ndi maneti a udzudzu, komanso ngati akugona pafupi ndi mabatire akutha ndi zigubu za mankhwala.

Za chitetezo pantchito ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu amafera. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito limaika udindo wopereka zodzitetezera pa bwana, ndipo wantchito sayenera kudulidwa ndalama ya zimenezo. Wotola zinyalala afunika majombo olimba kuphazi, magolovesi achikopa kapena a labala yokhuthala, ovolosi ziwiri kuti ina izichapidwa, chotseka pakamwa ndi mphuno, sopo ndi madzi. Magolovesi opyapyala a kuchipatala amang'ambika pa botolo loyamba. Alandire katemera wa kafumbata. Akabayidwa ndi singano ya jakisoni yotayidwa m'zinyalala, atsuke ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Popopa chimbudzi, lamulo la komiti likhale loti palibe munthu wolowa m'dzenje. Mumakhala mpweya woipa womwe umakomola munthu m'kanthawi kochepa, ndipo ukachuluka mphuno imasiya kuununkhiza, munthu n'kumayesa kuti watha. Nthawi zambiri wofa wachiwiri amakhala mnzake amene wadumphiramo kuti amupulumutse. Agwiritse ntchito pampu kapena ndowa ya pamtengo wautali, atsegule dzenje lipite mphepo asanayambe, ndipo asasute kapena kuyatsa moto pafupi. M'dzinja, ndi mvula ya kuno ku Mulanje, makoma a dzenje losamangira njerwa amagumuka mukangochotsa zam'kati. Mchitidwe wowapatsa kachasu "kuti asamve fungo" uletsedwe, chifukwa woledzera ndi amene amaterereka. Zopopedwazo zikatayidwe pomwe khonsolo yaloleza, osati m'mitsinje yotsikira ku Ruo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udationetsa mtengo wa kutaya paliponse. Kuotcha mawaya kuti atulutse kopa, kuswa mabatire a galimoto ndi manja, ndi kusunga madzi akumwa m'zigubu zomwe munali mankhwala opopera m'minda ya tiyi kumadwalitsa pang'onopang'ono, ndipo wodwalayo amadzazindikira ntchito atasiya kale. Wovulala pantchito ali ndi ufulu wa chipukutamisozi pansi pa Workers' Compensation Act ya 2000, ndipo ngozi iliyonse ikanenedwe ku leba msanga, kalata ya kuchipatala ili m'manja.

Pali gulu lina lomwe simunalitchule koma lilipo: amayi ndi anyamata otola mabotolo, makatoni ndi zitsulo paokha n'kumagulitsa kwa bambo yemweyo. Iwo amamangidwa ndi sikelo ndi kangongole. Wogula amawabwereketsa K5,000 pa tsiku la njala, n'kuwauza kuti asagulitsenso kwa wina mpaka atabweza, kenako mtengo wa kilo amatsitsa yekha. Sikelo yake imadya, ndipo amachotsanso makilo ena ponena kuti katundu wanyowa. Sikelo yochitira malonda imayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma inunso mukhoza kuiyesa: malita 5 a madzi amalemera makilo 5, kuwonjezapo pang'ono pa chigubu chake. Lembani m'mgwirizano kuti mitengo ya kilo ipachikidwe poonekera, sikelo iyang'ane kwa wogulitsa, ndipo aliyense ali ndi ufulu wogulitsa komwe akufuna. Otolawa akapanga gulu n'kumaunjika katundu pamodzi, amatha kudikira wogula wa mtengo wabwino wochokera ku Limbe m'malo mogulitsa kathumba kamodzikamodzi madzulo aliwonse. Komiti yanu ingawathandize ndi kamalo kotchinga mvula kosungirapo, komanso pouza mashopu kuti azipatula mabotolo ndi makatoni asanazisakanize ndi zotsala za kukhitchini ndi magalasi osweka.

Ngati mwini lole akana kubweza ziphaso ndi kulipira miyezi itatuyo, ndalama ya mwezi uno musamupatse m'manja. Funsani a leba kuti ikaperekedwe pamaso pawo, ipite ku malipiro a anyamatawo poyamba, ndipo aliyense asainire yomwe walandira ndi yomwe yatsala. Mukamalemba wina wochotsa zinyalala, muuzeni kuti ayambe wafunsa anyamata akuluakulu asanuwo ngati akufuna kupitiriza pa malipiro atsopano, chifukwa njira za msika wanu ndi maenje ake akuzidziwa kale.